GEORGE WASHINGTON CARVER: MPHUNZITSI AMENE ADAKANA KUTI ZIPATSO ZIOLERE PANSI

Mwezi wa Disembala ukafika, munthu woyenda m'makwalala a ku Tsabango, Kawale, Biwi kapena Area 23 amayenda moponda makoko ndi njere za mango. M'misika milu ya maboloma ndi kalisere imayalidwa pansi pa mtengo woti ngakhale mwana wa sukulu akhoza kugula, ndipo pambali pake pamakhala madengu a masuku otoledwa kunkhalango. Dzuwa likapendeka ogulitsa amatsitsa mtengo kawiri kapena katatu. Zotsala zimagona pomwepo, ndipo m'mawa mwake zimasanduka phwando la ntchentche. Koma pakangopita milungu yowerengeka, mu Febuluwale, m'nyumba zambiri za m'madera omwewo mwana amadzukira kusukulu osalawa kanthu. Kuola kwa chakudya ndi njala zimachezera khomo limodzi, chimodzi chikangotuluka chinzake n'kulowa.

Vuto limeneli si la Lilongwe yekha ndiponso silidayambe lero. Zaka zoposa zana limodzi zapitazo, ku America kudali munthu wakuda amene adaliona pakati pa anthu a mtundu wake, nakhala zaka 47 akulimbana nalo. Dzina lake ndi George Washington Carver. Dziko lonse limamukumbukira chifukwa cha mtedza, koma mbiri yake ikayang'anidwa mofatsa imaonetsa kuti ntchito yake yaikulu idali yophunzitsa anthu osauka kuona chakudya chimene chidawazungulira, ndi kuchisunga kuti chiwafikitse m'miyezi ya usiwa.

Mwana wa kapolo

Carver adabadwa cha m'ma 1864 pa famu ya Mzungu wina dzina lake Moses Carver, pafupi ndi kamudzi ka Diamond Grove m'chigawo cha Missouri. Tsiku la kubadwa kwake silidalembedwe m'buku lililonse, pakuti masiku amenewo mwana wa kapolo ankawerengedwa pamodzi ndi ziweto. Mayi wake, Mary, adagulidwa mu 1855 pa mtengo wa madola 700 akadali mtsikana. Bambo wake adali kapolo pa famu ina yapafupi, ndipo adafa pangozi mwanayo asanamudziwe.

Nthawi imeneyo n'kuti nkhondo yapachiweniweni, imene idayamba mu 1861 ndi kutha mu 1865, ili m'kati. Usiku wina achifwamba adafika pa famupo nagwira Mary pamodzi ndi khanda lake. Moses Carver adatuma munthu wina, John Bentley, kuti awalondole. Bentley adabwerako ndi khanda lokha, lili lefu ndi chifuwa chokoka mtima, ndipo adalipidwa kavalo. Mary sadaonekenso. Ukapolo utathetsedwa mu 1865, Moses ndi mkazi wake Susan adalera George pamodzi ndi mkulu wake James m'nyumba mwawo.

Popeza adali wodwaladwala, George sadapatsidwe ntchito zolemetsa za kumunda. James ankapita kukalima, koma iye ankatsala ndi mayi Susan kuphunzira kuphika, kuchapa, kusita, kusoka ndi kusamala kadimba ka pakhomo. Ntchito zimenezi, zomwe anyamata ambiri amazinyoza, ndi zimene pambuyo pake zidamulipirira sukulu, ndipo ndi zimene zidamuthandiza kuti azidzalankhula ndi amayi a kumudzi monga munthu wodziwa za kukhitchini. Akapeza mpata ankathawira kunkhalango kumene adali ndi kamunda kake kobisika ka maluwa a m'tchire. Anthu oyandikana nawo adayamba kumubweretsera zomera zawo zofota kuti azitsitsimutse, mpaka adamutcha dokotala wa zomera akadali mwana.

Ulendo wofunafuna sukulu

Sukulu ya pa Diamond Grove sinkalandira ana akuda. Motero, ali ndi zaka pafupifupi 12, George adayenda pansi mtunda wa mamailosi 8 kupita ku Neosho kumene kudali kasukulu ka ana akuda. Kumeneko adasungidwa ndi Mariah Watkins, mzamba wodziwa zitsamba, ndi mwamuna wake Andrew. Iwo adalibe mwana, koma adaonetsa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Posakhalitsa mnyamatayu adaona kuti mphunzitsi wa pa Neosho adalibe zambiri zomupatsa, choncho adalowera kuzambwe, m'chigawo cha Kansas.

Mu 1879, ali m'tauni ya Fort Scott, adaona ndi maso ake gulu la Azungu likupha munthu wakuda pamaso pa khamu la anthu. Adachokamo nthawi yomweyo, ndipo chithunzi chimenecho sichidamuchoke m'maganizo moyo wake wonse. Adayenda m'matauni angapo, uku akuchapa zovala za anthu uku akuphunzira, mpaka adatsiriza maphunziro a sekondale m'tauni yaing'ono ya Minneapolis ku Kansas komweko. Koleji ya Highland idamulandira kudzera m'kalata, koma iye atafika pakhomo, akuluakulu a kolejiyo poona khungu lake adamubweza.

Atagwiritsidwa mwala chotero, mu 1886 adakatenga malo m'boma la Ness, namanga kanyumba ka zibuma za udzu ndi dothi, nadzala mbewu ndi mitengo ya zipatso. Chilala ndi chisanu cha kumeneko zidamugonjetsa. Adasamukira ku Iowa kumene adagwira ntchito ya ukhukhi pa hotela ina m'tauni ya Winterset, ndipo mu 1890 adalowa koleji ya Simpson kukaphunzira kujambula zithunzi. Mphunzitsi wake, Etta Budd, adaona luso lake pojambula maluwa, koma adaonanso kuti munthu wakuda sakadapeza chakudya ndi ntchito yojambula. Bambo wa mphunzitsiyu adali katswiri wa ulimi wa zipatso pa koleji ya zaulimi ya ku Ames, ndipo Carver adapita kumeneko mu 1891.

Iye ndiye adali wophunzira wakuda woyamba pa kolejiyo. Masiku oyamba sankaloledwa kudya pamodzi ndi anzake. Ankadyera m'chipinda chapansi ndi antchito. Adapirira, nalandira digiri yoyamba mu 1894 ndi yachiwiri mu 1896, atazama pa maphunziro a matenda a zomera ndi mitundu ya chuku motsogozedwa ndi Louis Pammel. Apa n'kuti ali ndi zaka zoposa 30. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha: ulendo wochokera ku Neosho udamutengera zaka pafupifupi 20.

Dziko la thonje ndi ngongole

Chaka chomwecho cha 1896 adalandira kalata kuchokera kwa Booker T. Washington, mtsogoleri wa sukulu ya anthu akuda ya Tuskegee m'chigawo cha Alabama, imene idatsegulidwa mu 1881. Washington ankafuna munthu woti ayambitse nthambi ya zaulimi. Ngakhale kuti ku Ames adali ndi ntchito yabwino ndi zipangizo zokwanira, Carver adavomera, nafika ku Tuskegee mu Okutobala.

Zimene adapeza m'boma la Macon zidali zomvetsa chisoni. Ukapolo udatha, koma anthu akuda ambiri adalibe malo awoawo. Ankalima m'minda ya Azungu n'kumagawana zokolola ndi mwini malo, monga m'mene zinkakhalira pa thangata m'minda ya Azungu ya kumapiri a Shire, kapena monga matenanti a m'maesiteti a fodya. Mwini malo ankafuna thonje lokha, ndipo thonje linkadzalidwa mpaka pakhonde la nyumba, osasiya ndi malo a dimba omwe. Chakudya, mbewu ndi zovala zinkatengedwa pangongole m'sitolo, ndipo pokolola ngongole inkameza zonse. Nthaka nayo idaguga chifukwa cha kulimapo mbewu imodzimodzi chaka ndi chaka, mvula n'kumakumba zigwembe m'minda.

Chakudya cha mabanja oterewa chidali cha mitundu itatu yokha: ufa wa chimanga, mafuta a nkhumba ndi manyuchi a nzimbe. Chifukwa cha ichi matenda a pelagra, amene amakakatitsa khungu m'malo owombedwa ndi dzuwa, kutsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu, adafala kwambiri kumwera kwa America. Chenicheni chosowa m'thupi mwa odwala matendawa chidadziwika mu 1937, koma Carver adali ataona kale kuti banja lodya zinthu zakasinthasintha silidwaladwala.

Pa sukulupo padalibe nyumba yoyeseramo zinthu za sayansi. Iye adatenga ophunzira ake kupita nawo kudzala kukatola mabotolo, zitini ndi mapoto akutha, ndipo zimenezo ndizo zidakhala zipangizo zawo zoyamba. Mu 1897 boma la Alabama lidavomera kuti pa Tuskegee pakhale malo a kafukufuku wa zaulimi, ndipo Carver adapatsidwa munda woguga kuti ayeserepo. Pozindikira kuti mlimi wangongole sangagule feteleza, adaonetsa kuti masamba a m'nkhalango, matope a kudambo ndi ndowe zikhoza kuutsa nthaka yakufa, ndiponso kuti khobwe ndi mtedza zimabwezera chonde m'nthaka kudzera m'timatuza ta kumizu yake. Lamulo limene adadziikira pa ntchito yake yonse lidali lakuti malangizo ofuna ndalama ndi opanda pake kwa munthu amene alibe ndalama.

Mapulamu a m'tchire

Carver ankadzuka mbandakucha tsiku ndi tsiku kukayenda m'tchire, ndipo pobwerako ankakhala atatsomeka duwa pa jekete lake lakale. Maulendo amenewa ndiwo adamutsegula maso. Kabuku kake koyamba ka malangizo kwa alimi, kosindikizidwa mu 1898, kadali kofotokoza kuti mbewu zoyoyoka m'mitengo ya oak, zimene zinkangoolera pansi m'nkhalango, zikhoza kudyetsedwa kwa ziweto m'malo mwa chimanga. Pa moyo wake adalemba timabuku totere 44, m'mawu osavuta kuti munthu wophunzira pang'ono amve, ndipo tinkagawidwa kwaulere.

M'mphepete mwa minda ndi m'masala a ku Alabama mumamera zitsamba zowirira za mapulamu a m'tchire. Zipatso zake ndi zazing'ono, zofiira kapena zachikasu, zowawasa pang'ono, zonga nthudza. Zimapsa cha m'mwezi wa Meyi ndi Juni, zonse nthawi imodzi. Ana ankathyola zodya tsiku limenelo, nkhumba n'kutola zina, koma zambiri zinkangoolera pansi, pamene mabanja omwewo ankatenga manyuchi pangongole kusitolo. Popeza mitengoyi sidadzalidwe ndi munthu, palibe amene ankaiyesa munda. Carver adaiyesa munda, ndipo zipatso zake adazitcha zokolola. Mu 1907 adalemba kabuku kofotokoza kapulumutsidwe ka zokololazi, ndipo mu 1917 adakakulitsa, nalongosolamo njira 43 zosungira ndi kugwiritsira ntchito mapulamu a m'tchire, monga kuwaphikira m'mabotolo, kuwayanika, kupanga jamu, ndi kufinya madzi ake. Mu 1915 adalembanso kabuku kena konena za nthawi yoyenera, mitundu yoyenera ndi njira zoyenera zosungira zipatso ndi ndiwo zamasamba pakhomo, ndipo mu 1918 adatulutsa kena ka njira 115 zokonzera matimati, mbewu inanso imene imapsa yonse pamodzi n'kusowa ogula.

Nzeru ya kusunga chakudya sidayambe ndi Carver. Mfalansa wina, Nicolas Appert, adasindikiza buku mu 1810 lofotokoza kuti chakudya chotsekeredwa m'botolo n'kuwiritsidwa sichiola msanga, ngakhale kuti iye mwini sadadziwe chifukwa chake. Louis Pasteur ndiye adaonetsa pambuyo pake kuti choolesa chakudya ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Mabotolo a chivindikiro chopotokola adapangidwa ndi John Mason mu 1858. Chimene Carver adachita ndi kutenga nzeru imene idali m'mabuku ndi m'nyumba za olemera n'kuifikitsa pa mafuwa a mayi wosauka.

Monga katswiri wa chuku, iye ankadziwa bwino mdani amene ankalimbana naye. Tizilombo toolesa chipatso timafuna madzi kuti tikhale ndi moyo, ndipo njira zonse zosungira zipatso ndi zotimana madziwo kapena zotipha. Kuyanika kumachotsa madzi m'chipatso. Shuga wambiri, monga wa mu jamu, amamanga madziwo kotero kuti tizilombo sitingathe kuwagwiritsa ntchito. N'chifukwa chake jamu wokhalitsa amafuna shuga wolemera pafupifupi chimodzimodzi ndi zipatso zake. Kuwawasa, kaya kwa chipatso chenichenicho, kwa mandimu kapena kwa viniga, kumaletsa tizilombo tambiri kuswana. Moto umatipha, ndipo chivindikiro chothina chimaletsa tina kulowa. Pali mfundo inanso imene aliyense wosunga chakudya m'mabotolo ayenera kuidziwa: kuwiritsa m'madzi kumakwanira pa zipatso zowawasa zokha. Nyama, nyemba ndi ndiwo zina zosawawasa zikatsekeredwa m'botolo mwa njira imeneyi zikhoza kubala poizoni wakupha amene samveka fungo.

Chaka cha 1917 chidali chofunika pa ntchitoyi. Mu Epulo dziko la America lidalowa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo shuga, tirigu ndi zitini zidayamba kusowa. Carver adalimbikitsa kwambiri kuyanika, njira imene sifuna shuga kapena botolo, koma dzuwa, ukhondo ndi kudekha basi. Chipatso chouma chimapepuka, sichitenga malo, ndipo chikhoza kunyikidwa m'madzi n'kuphikidwa nthawi ya kusowa. Adayesanso kuyanika mbatata ndi kuisinja kuti ufa wake uzisakanizidwa ndi wa tirigu pophika buledi, ndipo mu Januwale 1918 boma lidamuitanira ku Washington kukaonetsa njira imeneyi.

Sukulu yoyenda pa ngolo

Alimi ambiri a m'boma la Macon sankatha kuwerenga, ndipo ena ankaopa kufika pa sukulu yaikulu ngati Tuskegee. Choncho Carver ankawatsata kwawo. Loweruka ndi Lamulungu ankapita m'midzi, naima pabwalo la tchalitchi mapemphero atatha, atanyamula mbewu, mabotolo a zipatso ndi zida zophikira. Sankangolankhula ayi; ankapinda malaya, kusonkha moto ndi kuphika pamaso pa anthu, kenaka n'kuwapatsa kuti alawe.

Mu 1906 ntchitoyi idakula pamene mkulu wina wachuma wa ku New York, Morris Jesup, adapereka ndalama zopangira ngolo yokokedwa ndi nyulu, yonyamula zipangizo zophunzitsira. Carver ndiye adajambula kamangidwe kake. Pakutha pa chakacho ngoloyo idaperekedwa m'manja mwa Thomas Campbell, wophunzira wa pa Tuskegee, amene adakhala mlangizi wa zaulimi wakuda woyamba kulembedwa ntchito ndi boma la America. Carver ankalangizanso mabanja kuti azisunga masenti 5 tsiku lililonse logwira ntchito, pakuti pakutha pa chaka akadakwana madola oposa 15, okwanira kugulira maekala atatu pa mitengo ya nthawiyo. Botolo lililonse la zipatso losungidwa pakhomo lidali ndalama yosapita kusitolo, ndipo ndalama yosapita kusitolo idali chiyambi cha munda wakewake.

Kutchuka ndi malire ake

Moyo wa pa Tuskegee sudali wosalala. Carver adali munthu wokonda kafukufuku ndi kuphunzitsa, koma wosakonda kulemba malipoti kapena kuyang'anira khola la nkhuku za sukulu. Washington adali munthu wa mwambo wokhwima, ndipo awiriwa ankakangana kawirikawiri m'makalata. Kangapo konse Carver adaopseza kuti atula pansi udindo, ndipo mu 1910 adachotsedwa pa utsogoleri wa nthambi ya zaulimi n'kupatsidwa nthambi ya kafukufuku. Komabe sadachoke pa sukulupo.

Cha m'ma 1910 kachilombo koononga thonje, kamene kadalowa m'dzikomo kuchokera ku Mexico, kadafika ku Alabama, ndipo alimi adayamba kufunafuna mbewu zina. Mu 1916 Carver adalemba kabuku ka kalimidwe ka mtedza ndi njira 105 zoukonzera kuti udyedwe. Mu Januwale 1921 adaimirira pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo ku Washington kuchonderera kuti mtedza wochokera kunja uzilipira msonkho. Adapatsidwa mphindi 10 zokha, ndipo ena mwa aphungu adayamba ndi kumunyodola, koma atayamba kutulutsa m'bokosi mwake zinthu zopangidwa ndi mtedza, adamuonjezera nthawi mobwerezabwereza. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake lidamveka ponseponse. Mu 1923 adalandira mendulo ya Spingarn, ulemu waukulu pakati pa anthu akuda a ku America, ndipo pambuyo pake adakhala bwenzi la Henry Ford, mwini kampani yopanga magalimoto.

Kutchuka kudabwera ndi nthano zake. Anthu ambiri amakhulupirira kuti iye ndiye adayambitsa chiponde, chonsecho ena adali atayamba kale kuchipanga ndi kuchigulitsa, ndipo mitundu yambiri ya anthu idadziwa kusinja mtedza kalekale. Mwa zinthu pafupifupi 300 zimene adati zikhoza kupangidwa ndi mtedza, zochepa kwambiri ndi zimene zidafika pamsika. Chikhulupiriro chake chakuti mafuta a mtedza amachiza opuwala ndi poliyo sichidatsimikizike. Chowawa koposa n'chakuti malangizo ake sadathe kumasula alimi ambiri amene iye adawadzera. Munthu wolima munda wa mwini sakadatha kusankha mbewu yodzala, ndipo sakadalimbika kuthira manyowa kapena kudzala mtengo wa zipatso pa malo amene akadathamangitsidwapo chaka chotsatira. Zikwi ndi zikwi za mabanja akuda zidasiya minda n'kusamukira m'mizinda ya kumpoto. Mbiri ya Carver ikuonetsa kuti luso la kusunga chakudya limachepetsa njala ya pakhomo, koma palokha silithetsa nkhani ya malo ndi ngongole.

Masiku ake otsiriza

Carver sadakwatire. Ankakhala m'zipinda za pa sukulu, kuvala zovala zakale, ndi kuthera nthawi yake yopuma pa kujambula, kuluka ndi kuphunzitsa kalasi ya Baibulo Lamulungu madzulo. Mu 1940 adapereka ndalama zimene adasunga moyo wake wonse, madola oposa 30,000, kuti zikhale thumba lopititsira patsogolo kafukufuku pa Tuskegee. Nkhondo yachiwiri itabuka adabwerera ku phunziro lake loyamba: mu 1942, ali nkhalamba, adalemba kabuku kotchula zomera za m'tchire zimene anthu amaziyesa udzu chonsecho ndi ndiwo. Adamwalira pa 5 Januwale 1943, atadwala kutsatira kugwa pa masitepe, ndipo adaikidwa pafupi ndi manda a Booker T. Washington. Chaka chomwecho boma lidalamula kuti malo amene adabadwira akhale chikumbutso cha dziko, ulemu umene udali usanaperekedwepo kwa munthu wakuda.

Chotsalira Amalawi

Maganizo a ku Tuskegee adafika m'dziko muno kudzera m'maphunziro. Mu 1924 bungwe la Phelps-Stokes, m'mene mudali Dr James Aggrey, lidayendera sukulu za mu Nyasaland, ndipo mu 1929 ku Domasi kudatsegulidwa sukulu ya Jeanes. Dzinali lidachokera kwa Anna Jeanes, mayi amene mu 1907 adapereka chuma chothandizira sukulu za kumidzi za anthu akuda kumwera kwa America. Ku Domasi aphunzitsi ankapita ndi akazi awo, ndipo onse ankaphunzira zaulimi, zaukhondo ndi za pakhomo kuti akaphunzitse mudzi wonse, monga inkachitira ngolo ya Jesup.

Komanso kunena zoona, makolo a dziko lino sadadikire Tuskegee kuti adziwe kusunga chakudya. Mayi wofutsa nkhwani, chitambe kapena bowa n'kuzimanga m'chikwatu cha masamba a msuku amatsata mfundo yomweyo imene Carver ankaphunzitsa. Makaka a chinangwa, masau ouma ochokera kuchigwa cha Shire ndi ku Tete, bwemba ndi malambe ndi umboni wakuti nzeruyi ndi yakale. Chodabwitsa n'chakuti nzeru yomweyo siigwiritsidwa ntchito kwenikweni pa mango, magwafa, mapapaya, masuku, maula ndi nthudza. Chifukwa china n'chakuti mango ndi masuku amapsa mvula itayamba, pamene dzuwa silidalirika. Koma vutoli lili ndi njira yake. Mango okhwima bwino akasendedwa, kudulidwa mopyapyala ndi kuyalidwa pa thandala lokwera, lofundidwa ndi pulasitiki woonekera pamwamba ndi lotchingidwa ndi neti m'mbali kuti mphepo izipita koma ntchentche zisalowe, amauma m'masiku ochepa a dzuwa, ndipo akasungidwa m'chotengera chouma ndi chotseka bwino amakhala miyezi. Mango akupsa kwambiri amayenera jamu, pothiramo madzi a mandimu chifukwa paokha sawawasa mokwanira. Magwafa nawo amapanga jamu wolimba bwino, makamaka akasakanizidwa ndi ena osapsetsa.

Kwa mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza Folomu 4 ndipo akuyendayenda ndi makalata ofunsira ntchito m'maofesi a ku City Centre, moyo wa Carver uli ndi mawu. Iye adafika pa digiri kudzera m'beseni lochapira, ndipo atailandira sadachite manyazi kutola mabotolo kudzala. Wogula mango pamene mulu watsika mtengo mu Disembala, nawaumitsa mwaukhondo, amakhala ndi malonda mu Juni pamene mtengo wa mango uli masamba okhaokha. Matumba a mtedza amene amaunjikidwa pa msika wa Mgona ndi chikumbutso chakuti mbewu imene idamutchukitsa ili pakhomo pomwe pano. Kwa aphunzitsi phunziro ndi lakuti sayansi ya tizilombo toolesa chakudya, imene ana amailoweza pokonzekera mayeso, ikhoza kuphunzitsidwa ndi dengu limodzi la mango ogwa pabwalo la sukulu, mpeni, thandala ndi mabotolo angapo owiritsa. Carver adayamba ndi zochepa kuposa zimenezi.